Duwa la buluu la m'mapiri: lokongola koma lili ndi poizoni

Oweta ng'ombe m'madera okwera a Angónia ndi tsidya linalo ku Dedza ayenera kulidziwa duwa ili. Akatswiri a zomera amalitcha Delphinium dasycaulon. Pa Chipwitikizi maluwa a mtunduwu ndi esporinha, chifukwa kumbuyo kwa duwa lililonse kuli kamchira konga chikhadabo chakumbuyo kwa mwendo wa tambala. Limamera lokha m'udzu wa m'mapiri a Mozambique, Malawi ndi Zambia, mpaka ku Ethiopia. Masamba ake ndi ogawikana ngati zala. Linzake la maluwa oyera onunkhira, Delphinium leroyi, limapezeka ku Nyika.

Ku Iran ndi ku Afghanistan kuli mtundu wina, zalil, umene maluwa ake amawiritsidwa kuti atulutse utoto wachikasu wonyikira ulusi. Ku Ulaya kale ankasinja njere za mtundu winanso n'kupaka m'mutu kuti aphe nsabwe.

Koma kumwa ayi. Chomera chonse chili ndi poizoni, makamaka njere ndi mphukira. Kumadzulo kwa America ng'ombe zimafa ndi mitundu ya kumeneko: zimanjenjemera, kudzandira, kutupa mimba, kenako n'kugwa. Wolidzala pakhomo ku Ulongwe alitalikitse ndi khola komanso ana. Ng'ombe ikaonetsa zizindikirozi asaithamangitse, poti kutopa kumaidwalitsa kwambiri. Aitane mlangizi wa ziweto msanga.