Chidindo, inki ndi pepala: mmene zinafikira ku Vubwi

Kalata yochokera kwa nyakwawa ku Vubwi imatha kulembedwa papepala long'ambidwa m'kope la mwana wasukulu, zilembo zake zopendama, mizere ina yofufutidwa. Koma ikangomenyedwa chidindo cha inki yofiirira pansi pake, amene waitenga amaipinda bwino, kuiika m'kapulasitiki kuti isanyowe, n'kuyenda nayo mopanda mantha kwa Mfumu Pembamoyo, kukhoti kapena kuofesi ya boma. Kampira kakang'ono komatidwa pathabwa ndi kamene kamapereka mphamvu ku mawu olembedwawo. Kakafunsidwa kuti mphamvu imeneyi kanaitenga kuti, yankho lake limadutsa m'mapanga a ku Chadiza, ku China, ku America ndi m'maofesi a msonkho a ku Fort Jameson.

Anthu a dera lino anadziwa utoto kalekale, pepala lisanamveke n'komwe. M'phanga la Kalemba, m'boma la Chadiza limene Vubwi inali mbali yake mpaka 2012, katswiri wofukula zakale David Phillipson anakumba mu 1971 n'kupeza kuti anthu anakhalamo zaka zoposa 30,000 zapitazo. Pamiyala ya m'chigawo cha Kum'mawa, ku Kalemba, ku Thandwe ndi ku Mkoma, pali zojambula. Zofiira, za mizere ndi zozungulira, ndi zakale kwambiri ndipo akuti n'za Akafula. Zoyera, zopakidwa ndi chala choviika m'dothi loyera, n'za Achewa, ndipo zimakhudza chinamwali ndi Gule Wamkulu. Kutsidya kwa malire, ku Chongoni m'boma la Dedza, kuli malo 127 a zojambula zotere, amene UNESCO inawaika pamndandanda wa chuma cha dziko lonse mu 2006.

Chinanso chimene makolo ankachidziwa bwino ndi khungwa. Asanabwere amalonda a nsalu, munthu ankapita kuthengo kukasenda mtengo wa mombo, kupala khungwa lakunja lokhakhala, kuviika lamkatilo m'madzi, kenako kulisula pachipika ndi kanyundo kamtengo mpaka litafewa n'kutambasuka. Chimenecho ndicho chiwondo. Akafuna chakuda, ankachikwirira m'matope a kudambo. Chiwondo si pepala, chifukwa ulusi wa khungwa sunalekanitsidwe, koma manja amene ankachisula anali atatsala pang'ono kufika pamene anafika Cai Lun, nduna ya kunyumba yachifumu ku China. M'chaka cha 105 iye anaonetsa mfumu yake pepala lopangidwa ndi makungwa, sanza ndi maukonde akutha, zonse zosinjidwa mpaka kusanduka phala, n'kuwoledwa m'madzi ndi sefa. Lusolo linafika ku Samarkand m'zaka za m'ma 700, linalowa ku Ulaya kudzera ku Spain, ndipo pofika m'ma 1200 mzinda wa Fabriano ku Italy unali kutchuka nalo. Kwa zaka mazana ambiri pepala lililonse linkawoledwa pamanja, limodzilimodzi.

Chidindo cha mpira ndi chaching'ono pamsinkhu. Mpira wachilengedwe unkanata kukatentha n'kuuma gwa kukazizira, mpaka Charles Goodyear atapeza njira youphika ndi sulufule, imene anailembetsa mu 1844. M'zaka za m'ma 1860 amisiri a ku America anayamba kuumba zilembo pampira wophikawo, ndipo maofesi a njanji, mabanki ndi mapositi anazilandira ndi manja awiri. Inki yake yofiirira inachokera ku utoto wopangidwa ndi phula la malasha, umene unayamba ndi William Perkin ku London mu 1856. Ndi wa banja limodzi ndi mankhwala ofiirira aja a GV amene amapaka pazilonda kuchipatala.

Zinthu zitatuzi, chidindo, inki ndi pepala, zinalowa m'dera la Vubwi pamodzi ndi mfuti. Asilikali a Angelezi atagonjetsa Angoni a Mpezeni mu Januwale 1898, kampani ya British South Africa inakhazikitsa likulu la North-Eastern Rhodesia ku Fort Jameson, kumene lero ndi Chipata. Sipanapite nthawi, msonkho wa nyumba wa mashiling'i atatu unayamba. Ndalama kumudzi kunalibe, choncho amuna anayamba ulendo wa kuminda ya azungu, ku Halale ndi ku Joni. Wokhoma msonkho ankalandira kapepala kodindidwa, ndipo kapepalako ankakasunga m'kachitini kapena m'bango lotseka, n'kukabisa kudenga kuopa chiswe. Kukataya kunali ngati sunakhome. Pambuyo pake kunabwera chitupa, chimene mwamuna aliyense wachikuda ankayenera kuyenda nacho, cholembedwa dzina lake, mudzi wake, mfumu yake ndi amene akumugwirira ntchito. Wosadziwa kulemba ankagwidwa chala chachikulu, kuchikanikiza painki, kenako papepala.

Ndi chifukwa chake akuluakulu ambiri sankaliona pepala ngati bwenzi. Linkabwera m'thumba la mesenjala, ndipo kawirikawiri linkabweretsa ngongole, samani kapena ntchito yokakamiza. Mu 1961, pa zipolowe za Cha Cha Cha, anthu makamaka a kumpoto kwa dziko ndi ku Luapula anasonkhanitsa zitupa zawo n'kuzitentha poyera. Amene ankaponya chitupa chake pamoto ankadziwa kuti akhoza kugona m'ndende, ndipo ambiri anagonamodi.

Panali khomo lina limene pepala linalowera, ndipo ili linali lofatsa. Amishoni a Dutch Reformed anatsegula Magwero mu 1899, Madzimoyo mu 1903, Nyanje, kufupi ndi Sinda, mu 1905, ndi Nsadzu mu 1908. Ansembe a White Fathers anakhazikika ku Kachebere, pamalire ndi Nyasaland, mu 1903. M'masukulu a m'midzi ana ankayamba kulemba pansi ndi chala, kenako pasileti, ndipo kope linkaperekedwa kwa amene wafika makalasi apamwamba. Mabuku a Chinyanja ankachokera kumakina osindikizira a ku Nkhoma, ndipo mu 1922 Buku Lopatulika lathunthu linatuluka. Inki ya kusukulu inkabwera yaufa, mphunzitsi n'kuisungunula m'botolo ndi kuthira m'timabowo ta m'madesiki. Amene anaphunzira nthawi imeneyo amakumbukira nsonga ya peni yoboola pepala, ndi dontho limodzi loononga tsamba lonse. Patapita zaka kunabwera makina a Banda ndi a Gestetner opukusa pamanja, ndipo mayeso a kumapeto kwa teremu ankafika m'kalasi akununkhabe mankhwala.

Chidindo chinalowa m'manja mwa mafumu pang'onopang'ono. Lamulo la 1929 linazindikira maulamuliro ndi makhoti a mafumu, ndipo la 1936 linawapatsa thumba la ndalama. Kuyambira pamenepo bwalo la mfumu linafunika kalaliki, buku la milandu, malisiti ndi chidindo. Ufulu utabwera mu 1964, chitupa chinalowedwa m'malo ndi reji, chiphaso cha nzika aliyense wofika zaka 16, mwamuna ndi mkazi yemwe. Chala chinapitiriza kuviikidwa mu inki, koma tsopano chinali cha mwini dziko. Lamulo la 1971 lolembetsa midzi linaika kaundula wa mudzi m'manja mwa nyakwawa, ndipo mpaka lero kalata yake ndi imene imachitira umboni kuti uyu ndi wathu, munda uwu ndi wake, ng'ombe iyi sinabedwe. M'dera ngati Vubwi, limene lagundana ndi Malawi komanso Mozambique, kumene munthu amakwatira kutsidya n'kumalima kuno, umboni wotere ndi wolemera.

Pulezidenti Michael Sata atalengeza mu 2012 kuti Vubwi ndi boma palokha, chaka chomwecho Sinda itapatulidwa ku Katete ndi Petauke, ntchito ina yosatchulidwa pawailesi inali yosintha zidindo. Sukulu, chipatala ndi ofesi iliyonse imene chidindo chake chinkatchula boma lakale inayenera kupeza china.

Amene amasema zidindo pamanja ndi amisiri oyenera ulemu woposa umene amalandira. M'matauni ngati Chipata ndi Lusaka amakhala pakhonde la sitolo ndi katebulo kakang'ono. Mmisiri amatenga kachidutswa ka mpira wosalala, kujambulapo mzere wozungulira, n'kulemba zilembo chobwerera m'mbuyo, kuyambira kumanja kupita kumanzere, chifukwa chidindo chimatembenuza zonse. Kenako amatenga lezala lothyola nsonga n'kuyamba kuchotsa mpira wozungulira chilembo chilichonse, kachidutswa kochepa kuposa njere ya mawere. Dzanja likaterereka pachilembo chomaliza, ntchito ya tsiku lonse yapita. Akamaliza amamata mpirawo pakathabwa, kuyesa papepala, kuyang'anitsitsa, kupalanso pamene inki yagwira mosayenera. Mmisiri wosamala sasema chidindo cha sukulu kapena cha mfumu popanda kalata yochokera kwa eni ake, pakuti chidindo chabodza chimalanditsa munda ndipo chimamangitsa wosema yemwe. Makina akuwalanda msika. Kampani ya Trodat, imene inayamba ku Vienna mu 1912, inatulutsa mu 1976 chidindo chokhala ndi inki yake m'kati, ndipo masiku ano zilembo zimakonzedwa pakompyuta n'kuotchedwa pampira ndi makina m'mphindi zochepa.

Pamene zidindo zikupita kumakina, pepala lopanga pamanja labwerera, ndipo labwerera pafupi. Ku Blantyre, bungwe la Paper Making Education Trust, lodziwika kuti PAMET, lakhala likupanga mapepala kuchokera ku mapepala otayidwa, makungwa a nthochi, ulusi wa mlambe ngakhale ndowe za njovu, n'kumasoka makope, makhadi ndi maenivulopu, komanso kuphunzitsa ena lusolo. Njovu imagaya chakudya chake mosamaliza, choncho ndowe zake zikatsukidwa ndi kuwiritsidwa pamatsala ulusi wosinjidwa kale. Ku Mfuwe, m'chigawo chomwechi cha Kum'mawa, kampani ya One Planet Café inayamba mu 2011 kugula mitengo ya nthochi kwa alimi. Nthochi imabereka kamodzi, ndipo mkoko ukadulidwa thunthu lake limangowolera m'dimba. Ku Mfuwe thunthulo amalisenda, kupala ulusi wake, kuuyanika, ndipo wambiri umatumizidwa ku Echizen m'dziko la Japan, kumene amisiri akhala akuwola mapepala kwa zaka zoposa 1,000. Kumeneko umasanduka makhadi a maina ndi mapepala okutira mphatso.

Kapangidwe kake sikachilendo kwa mayi aliyense wa ku Vubwi. Mapepala akale amang'ambidwa n'kuviikidwa usiku wonse. Makungwa a nthochi amadulidwa tizidutswa n'kuwiritsidwa m'madzi a phulusa, chidulo chomwe chija chophikira thelele, kuti ulusi ufewe ndi kulekana. Zonse zimalowa mumtondo n'kusinjidwa mpaka kukhala phala. Phalalo limathiridwa m'beseni la madzi ambiri, ndipo wopanga amamiza sefa wa waya wa udzudzu wokhomedwa pamatabwa anayi, kumutukula ali chopingasa, kumugwedeza pang'ono uku ndi uku kuti ulusi ulukane. Madzi akakha, amagubuduza sefayo pansalu, kupsinja ndi thabwa ndi mwala, n'kuyanika pamthunzi. Pali chinsinsi chimodzi chimene ongoyamba amachiphonya. Pepala lotere limamwa inki, ndipo chidindo chikamenyedwapo zilembo zimafalikira. Mankhwala ake ndi phala lopyapyala la ufa wa chinangwa, lothira m'beseni kapena lopaka pamwamba pepala likauma. Likatero limagwira inki bwinobwino.

Kudinda zithunzi nakonso ana a sukulu za pulayimale amakudziwa. Paphunziro la luso lamanja amadula mbatata kapena chinangwa pakati, kusemapo tsamba kapena nyenyezi, kuviika mu utoto n'kudinda mizere papepala. Ena amasema patapata wakutha kapena chubu cha njinga, ndipo utoto amafinya m'mabulosi, m'masamba, kapena kusakaniza mwaye ndi madzi. Chomvetsa chisoni n'chakuti lusoli limathera m'kalasi momwemo, ngati masewera, pamene ku Ulaya ndi ku America kudinda makhadi pamanja ndi malonda a masitolo athunthu.

Kuyambira Januwale 2022, pamene boma la Zambia linachotsa malipiro a sukulu, makalasi adzaza ndipo makope akufunika ambiri kuposa kale. Pepala lowola pamanja silingapikisane ndi kope la kufakitale pamtengo, ndipo amene angalonjeze zimenezo akunamiza anthu. Malo ake ndi ena: makhadi oitanira ku ukwati ndi ku kitchen party, masatifiketi a kumpingo, zikuto za mabuku, zithunzi zophunzitsira zopachika m'kalasi, timapepala tomata pamabotolo a uchi ndi chiponde. Zambiri mwa izi anthu a ku Vubwi amakasindikizitsa ku Chipata, kudzera mumsewu umene akhala akuudandaula kwa zaka zambiri. Ku Mfuwe ndi ku Blantyre ntchitoyi yakhazikika chifukwa ogula alipo, alendo odzaona nyama ndi masitolo a kunja. Vubwi ilibe alendo otero. Msika waukulu umene ili nawo pafupi ndi wa ku Mkaika m'boma la Katete, kumene Loweruka lomaliza la Ogasiti chaka chilichonse Achewa a ku Zambia, Malawi ndi Mozambique amasonkhana pamwambo wa Kulamba kwa Kalonga Gawa Undi, ndipo ambiri mwa iwo amafuna kanthu kogula kobwerera nako kwawo.