Mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi: msonkho, malire ndi unzika kuno ku Chilwa

 Uthengawu ndi wautali, ngati batire yatsala pang'ono sungani muwerenge madzulo.

Masiku ano pagulu pano nkhani ndi imodzi: dziko latha, ine ndikupita. Ena akufunsa za unzika wa mayiko awiri, ena akuti kodi ukakhala kunja boma limakutsatira ndi msonkho? Mafunso amenewa si achilendo kuno kwathu. Agogo a agogo athu anawayankha ndi miyendo, ndipo zimene anakumana nazo n'zofunika kuzidziwa musanagule tikiti ya basi.

*Malire anabwera atatipeza kale*

Pa 11 Juni 1891 Britain ndi Portugal anasainirana pangano logawana dera lino. Mzere anaudutsitsa m'mbali mwa gombe la kum'mawa kwa nyanja ya Chiuta ndi ya Chilwa, n'kutsikira ku mtsinje wa Ruo. Palibe mfumu kapena msodzi wa kuno amene anafunsidwa. Ndiye taganizani, kuika malire pa gombe la nyanja imene imayenda. Chilwa inauma mu 1968, mu 1995, inaphweranso mu 2018 mpaka anthu kumadutsa pa njinga pamene timaponya makoka. Mtsinje wa Mnembo umatibweretsera madzi kuchokera ku Mozambique, matemba ndi milamba sadziwa za pasipoti. Banja limodzi linagona ndi mfumu imodzi, n'kudzuka lili m'maboma awiri, lililonse likufuna msonkho wake.

*Alomwe anathawa msonkho n'kupeza thangata*

Ambiri a ife kuno ku Phalombe mizu yathu ili kutsidya, kumapiri a Namuli. Kumeneko Apwitikizi anapereka madera akuluakulu m'manja mwa makampani, ndipo makampaniwo ankatolera msonkho ndi kugwira anthu chibalo. Wolephera ankalawa mbalamatodya, chithabwa chomenyera m'manja. Anthu anayamba kuwoloka mabanjamabanja, ena kudzera ku Milange, ena pampata wa pakati pa phiri la Mulanje ndi la Michesi pamene Angerezi anamanga Fort Lister, ena kuzungulira nyanja. Kalembera wa 1921 anapeza Alomwe pafupifupi 120,000 mu Nyasaland. Pofika 1945 anali atapitirira 370,000.

Koma kuno sanapeze mpumulo. Harry Johnston anali atayambitsa msonkho wa nyumba, poyamba masheleni 6, kenako 3. Chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900 anaukonza mochenjera: amene wagwira ntchito kwa mzungu mwezi umodzi azilipira theka, amene wakana azilipira wonse. Eni maesiteti anawalandira bwino Alomwe chifukwa munthu wopanda malo, wopanda kobwerera, sakana thangata. Ndipo ankatchedwa ndi dzina lonyoza lakuti Anguru. Ambiri mwa anthu amene anatsatira John Chilembwe pa 23 Januwale 1915 kukaukira esiteti ya A.L. Bruce ku Magomero anali obwera omwewa. Chilembwe mwini anaphedwa pa 3 Febuluwale m'chigawo cha Mulanje, akulowera kumalire a Apwitikizi. Panatenga mpaka zaka za m'ma 1940, Lewis Bandawe atayambitsa Lomwe Tribal Society mu 1943, kuti boma lisiye dzina lonyoza lija.

Phunziro loyamba ndi limenelo: kuthawa boma loipa kumapulumutsa moyo, koma wofika opanda pepala ndi opanda malo ndi amene amagwira ntchito imene eni dziko akuikana.

*Wenela, Mthandizi ndi machona*

Msonkho womwewo ndi umene unatulutsa amuna m'midzi. Ndalama kunalibe, ndiye njira inali ya ku Salisbury kapena ku migodi ya ku Joni, ena wapansi, ena kudzera mwa Mthandizi ndi Wenela. Komiti ya boma imene inafufuza nkhaniyi mu 1935 inayerekeza kuti amuna pafupifupi 120,000 anali kunja kwa dziko. Ambiri sanabwerere, ndi amene timati machona. Mwamuna ali kutali choncho, msonkho sunkaima. Amesenjala a DC ankagwira mkazi wake mpaka abale alipire, nyumba zina kuzitentha. Ndiye mukamafunsa ngati boma limatsatira munthu wa kunja ndi msonkho, yankho la m'mbiri ndi lakuti linkatsatira mkazi wake.

Titalandira ufulu malonda a anthuwa sanathe. Gawo la malipiro a m'migodi linkasungidwa n'kutumizidwa kuno kuti munthu adzalandire pobwera, ndipo boma linkapezerapo ndalama zakunja. Chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970 Amalawi a m'migodi ya ku South Africa anapitirira 100,000. Mu Epulo 1974 ndege ya Wenela inagwa ku Francistown, ku Botswana, n'kupha Amalawi oposa 70. Kamuzu anaimitsa kulemba anthu, kunayambanso mu 1977, ndipo Theba inathera mu 1988 pa mkangano woyeza magazi a Edzi. Madala amene anapita nthawi imeneyo akhala zaka ndi zaka akulondola ndalama zawo, ambiri anamwalira asanazione.

*Othawa ndale*

Ufulu unabwera pa 6 Julayi 1964, koma pofika Sepitembala nduna zinali zitayambana ndi Kamuzu. Mwa zimene ankatsutsa munali tiki imene odwala ankalipira kuchipatala, komanso ubale wake ndi Apwitikizi. Kanyama Chiume, Orton Chirwa, Augustine Bwanausi ndi Rose Chibambo anachotsedwa. Yatuta Chisiza, Willie Chokani ndi Henry Masauko Chipembere anatula pansi. Pafupifupi onse anathawira kunja, ambiri ku Tanzania ndi ku Zambia. Mu 1966 kunabwera malamulo awiri oti tiwakumbukire: lolola boma kulanda katundu wa munthu amene lamuona ngati woukira, ndi lamulo la unzika limene linaletsa munthu wamkulu kukhala nzika ya mayiko awiri.

Tamvani mmene anathera ena mwa othawawo. Yatuta Chisiza anabwerera ndi mfuti mu 1967 n'kuphedwa chakudera la Mwanza. Chipembere anamwalira ku Los Angeles mu 1975 osaonanso kwawo ku Mangochi. Attati Mpakati anavulazidwa manja ndi bomba la m'kalata ku Maputo mu 1979, n'kuphedwa ku Harare mu 1983. Mtolankhani Mkwapatira Mhango anatenthedwa m'nyumba pamodzi ndi a m'banja lake ku Lusaka mu 1989. Orton ndi Vera Chirwa anagwidwa mu Disembala 1981, Orton anafera m'ndende ya Zomba mu Okutobala 1992. Malire sanawateteze.

Si nduna zokha ayi. A Mboni za Yehova analetsedwa mu 1967 chifukwa chokana kugula kadi ya chipani, kadi imene inali ngati msonkho wachiwiri, popeza popanda iyo sunkalowa mumsika kapena kukwera basi. Mu 1972 zikwizikwi anathawira ku Sinda Misale ku Zambia ndi ku Mozambique. Frelimo italowa mu 1975 ambiri anabwezedwa, ena anakathera m'misasa ya ku Carico, m'boma la Milange, pafupi pomwepa. Chiletso chinachotsedwa mu 1993.

*Tsiku limene njira inatembenuka*

Nkhondo ya Renamo ndi Frelimo itakula cha mu 1986, anthu anadutsa njira zomwe zija za makolo, kubwera kuno. Malawi anasunga othawa nkhondo pafupifupi 1 miliyoni. Ku Muloza ndi ku Chiringa kunali misasa, koma ambiri anangolowa m'midzi kwa abale awo, chilankhulo chimodzi, mfunda umodzi. Mtendere utasainidwa ku Rome pa 4 Okutobala 1992 ambiri anabwerera, ena anatsala chifukwa cha maukwati. Ana a m'mabanja amenewo ndi anzathu amene timakoka nawo makoka lero. Anali a mayiko awiri m'magazi kalekale, lamulo lisanavomere.

Ku Zimbabwe nako zidzukulu za machona zinaona zakuda. Mu 2001 boma la kumeneko linalamula kuti aliyense amene makolo ake ndi akunja akane unzika wa dziko linalo, apo ayi ataya wa Zimbabwe. Anthu obadwira m'mafamu, osaidziwa Blantyre, anapezeka si a uku si a uko, chiphaso cholembedwa kuti mlendo, voti palibe. Zinakonzedwako ndi malamulo atsopano a 2013.

*Lamulo la lero likuti bwanji*

Mu Disembala 2018 Nyumba ya Malamulo inasintha lamulo lija la 1966, ndipo tsopano Mmalawi angathe kutenga unzika wa dziko lina osataya wa kwawo. Koma aise, mvetsetsani: awiri amayambira pa mmodzi. Amene alibe chiphaso cha unzika cha NRB kuno, n'kulowa Joni mozemba pa Beitbridge, lamuloli silimuthandiza chilichonse. Ku South Africa unzika umafuna kuti uyambe wakhala ndi chilolezo chokhazikika kwa zaka, ndipo mwana wa alendo sakhala nzika chabe chifukwa wabadwira kumeneko. Mwana ameneyo ndi Mmalawi kudzera mwa inu, koma ngati simunamulembetse, adzakula ngati ana a m'mafamu aja. Dziwaninso kuti malamulo aakulu a dziko lino salola munthu amene ali pansi pa lumbiro la dziko lina kuimira upulezidenti kapena uphungu. Mwakumbukira phokoso la green card ya a Peter Mutharika chisankho cha 2014 chisanachitike.

Za msonkho, mayiko odziwika kuti amatsatira nzika zawo kulikonse ndi America ndi Eritrea, amene amadula 2 peresenti. Boris Johnson, wobadwira ku New York, anasiya unzika wa America atalipiritsidwa msonkho pa nyumba imene anagulitsa ku London. Kuno MRA imayang'ana ndalama zopangidwa m'Malawi muno. Za ku Joni zimadulidwa komweko. Koma musati mwathawiratu. Katundu amene mumatumiza amalipira kasitomu pa Mwanza kapena pa Dedza, ndipo malata ndi simenti zimene mayi amagula ndi ndalama zanu zili ndi VAT.

Chomaliza ndi cha ndale. Mmalawi amene ali kunja savotera kumeneko, ayenera kubwera kuno. Ndiye wochoka chifukwa chokwiya ndi boma amasiya voti yake m'manja mwa amene akumukwiyitsawo. Othawa a 1964 anadikira zaka pafupifupi 30, ndipo chimene chinawatsegulira njira ndi zimene zinachitika muno: kalata ya mabishopu a Katolika mu Malichi 1992, Chakufwa Chihana kubwera dala pa 6 Epulo kudzamangidwa pabwalo la ndege, ndi riferendamu ya pa 14 Juni 1993, imene inatsatidwa ndi lamulo lokhululukira othawa ndale. Ngakhale chisankho chobwereza cha pa 23 Juni 2020 chinabwera chifukwa cha anthu amene anali m'misewu ndi m'makhoti a kuno.

Sindikuletsa munthu kupita. Nyanja ikaphwa tonse timasamukira ku Chiuta kapena ku Malombe, ndipo palibe amene amati tagulitsa mudzi. Koma pitani ndi pasipoti yanuyanu, chiphaso chili m'thumba, ana olembetsedwa, ndipo mfumu ndi ankolo adziwe kuti munda uja ukadali wanu. Amene muli kale kutsidya, muwafunse makolo dzina la mudzi, la mfumu ndi la mfunda wanu, mulembe penapake, chifukwa tsiku lofuna pepala ndi zimenezo adzakufunsani.

Tumizani kwa achinyamata ena a kudoko, makamaka amene ayamba kale kusunga ya thiransipoti.