Madzi a ku Ntcheu Amathera Kwathu: Mbiri ya Kusula Aphunzitsi a Sayansi ndi Zachilengedwe

Aliyense wa ife amene adayendako pamsewu wochokera ku Salima kupita ku Balaka, kapena wochokera ku Monkey Bay kukatulukira ku Golomoti, adawaona mapiri a Ntcheu atandandalika chakumadzulo. Ambiri timawadziwa chifukwa cha malonda. Timakweza usipa ndi utaka kupita nazo ku Lizulu ndi ku Tsangano, pobwerera n'kusenza mbatata ya kachewere, kabichi ndi tomato. Komatu pali katundu wina amene amatsika m'mapiriwo chaka ndi chaka popanda womuitanitsa. Mitsinje ya Livulezi ndi Bwanje imathira m'nyanja yathu, ndipo Rivirivi amathira mu Shire. Mvula ikagwa pamunda wosasamalika ku Ntcheu, dothi lake limadzakhazikika m'malo amene nsomba zathu zimaswaniranamo. Choncho amene amaphunzitsa ana a ku Ntcheu za nthaka, mitengo ndi madzi akugwira ntchito yokhudza mphika wa pakhomo pathu. M'nkhani ino tikufuna kuona mmene mphunzitsi ameneyu wakhala akusulidwira m'zaka zoposa 100 zapitazi, ndi zimene ife Asilamu tingatolepo.

Sukulu zoyamba m'boma la Ntcheu zidadza ndi amishoni. M'zaka za m'ma 1890 kudatsegulidwa mishoni za Gowa ndi Dombole, ndipo mu 1901 ansembe a chipani cha Montfort adakhazikitsa mishoni yawo yoyamba m'dziko muno pa Nzama. Mphunzitsi wa nthawi imeneyo nthawi zambiri adali mnyamata amene wangotsogolako pang'ono pa anzake. Ankaphunzitsa kuwerenga, kulemba, masamu ndi chipembedzo cha mishoni yake, ndipo m'mishoni zina ana ankaphunziranso ulimi ndi ukalipentala. Boma la atsamunda lidakhazikitsa nthambi yoona za maphunziro mu 1926, ndipo mu 1929 lidatsegula Jeanes Training Centre ku Domasi. Kumeneko ankatenga aphunzitsi amene ali kale pantchito, pamodzi ndi akazi awo, n'kuwaphunzitsa za ulimi, ukhondo ndi chitukuko cha m'mudzi. Akamaliza ankabwerera kwawo kukayendera sukulu za m'midzi ndi kuwongolera aphunzitsi anzawo. Ganizo lake lidali lakuti mphunzitsi ayenera kupitiriza kuphunzira ali pantchito.

Makolo athu ambiri sadalowe nawo m'sukulu zimenezi. Ankaopa kuti mwana akapita kumishoni akabwerako atasiya dini ndi dzina lake lomwe, ndipo mantha awowo adali ndi maziko. Adasankha kusunga ana awo kumadrasa. Chikhulupiriro chidasungika, koma mtengo wake udali waukulu: kwa zaka zambiri m'midzi yathu mudasowa aphunzitsi, alangizi a ulimi ndi azachipatala ochokera pakati pathu. Komabe tisaiwale kuti nafenso tidali ndi njira yathu yosulira aphunzitsi. Shehe Abdallah Mkwanda adakaphunzira ku Kilwa n'kubwera kudzaphunzitsa m'mbali mwa nyanja, ndipo ophunzira ake adafalikira m'midzi yambiri. Mwalimu wa nthawi imeneyo, ngakhale atakhala ndi ophunzira akeake, ankabwererabe kwa shehe wake kukawerenga kitabu chotsatira. Kwa ife sichidali chamanyazi kuti wophunzitsa akhale pamphasa ngati wophunzira.

Phunziro lalikulu la zachilengedwe limene anthu a ku Ntcheu adalandira m'nthawi ya atsamunda lidachitikira m'minda, ndipo lidali lowawa. Kuyambira mu 1946 boma lidakhwimitsa malamulo osamalira nthaka, ndipo itapita njala ya 1949, Bwanamkubwa Geoffrey Colby adalimbikira kuti malamulowo atsatidwe. Anthu adawatcha malimidwe. Ankalamulidwa kulima mizere yopingasa phiri, kukumba migula, kusiya kulima m'mphepete mwa mitsinje ndi kudzala pa nthawi yoikika. Wolephera ankalipitsidwa chindapusa kapena kuponyedwa m'ndende. Zambiri mwa zimene malamulowa ankanena zidali zoona, pakuti mzere wopingasa umachepetsadi liwiro la madzi ndipo mtengo wa m'mbali mwa mtsinje umagwira dothi. Koma amene ankabwera nazo adali kapitawo wonyamula chingwe choyezera ndi buku lolembamo olakwa. Nthawi yofotokoza chifukwa chake adalibe.

Mu 1953, pamene Azungu ankakakamiza chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, Inkosi ya Makosi Philip Gomani ya ku Lizulu idauza anthu ake kuti asatsate malamulo a ulimi, a nkhalango ndi a ziweto. Boma lidaichotsa paufumu. Apolisi atabwera kudzaitenga, idathawira ku Mozambique mothandizidwa ndi Mbusa Michael Scott, koma Apwitikizi adaibweza m'manja mwa Angerezi, ndipo idamwalira mu 1954. Kuyambira pamenepo kukana malimidwe kudasanduka mbali ya nkhondo yomenyera ufulu. Chotsatira chake chidali chakuti m'maganizo a anthu ambiri mgula udakhala chizindikiro cha ukapolo, ndipo ufulu utayandikira ambiri adaisiya. Nzeru yabwino idakanidwa chifukwa cha dzanja limene lidaibweretsa. Ntchito yoibwezera m'mitima ya anthu idatsalira alangizi ndi aphunzitsi.

Dziko litalandira ufulu mu 1964, ulimi ndi sayansi zidapatsidwa malo m'sukulu za pulayimale. Sukulu zambiri zidali ndi munda wake, ndipo akuluakulu a lero amakumbukira tsiku lodzala mitengo la pa 21 Januwale, pamene mwana aliyense ankanyamula khasu. Bungwe loteteza nyama zakutchire, limene lidayamba mu 1947 ndipo lero limatchedwa Wildlife and Environmental Society of Malawi, lidafalitsa makalabu a zachilengedwe m'sukulu, ndipo kamagazini kake ka Nantchengwa kadathandiza aphunzitsi ambiri amene adalibe buku lina lonena za mbalame, nsomba ndi mitengo ya kwathu kuno. Ku Domasi kudakhazikitsidwa Malawi Institute of Education, imene idayamba ntchito kumayambiriro a zaka za m'ma 1980, yolemba masilabasi ndi mabuku komanso kuchititsa maphunziro a aphunzitsi amene ali pantchito. Kwathu kunyanja, Lake Malawi National Park idakhazikitsidwa mu 1980, ndipo mu 1984 bungwe la UNESCO lidaiika m'kaundula wa malo ofunika padziko lonse. Ku Cape Maclear kudatsegulidwa malo ophunzitsira zachilengedwe kumene magulu a ana a sukulu amapita ndi aphunzitsi awo.

M'zaka zomwezo nkhalango za ku Ntcheu zidakumana ndi mayeso aakulu. Nkhondo ya ku Mozambique idathamangitsira anthu oposa 1 miliyoni m'dziko muno, ndipo Ntcheu, kumene msewu waukulu umayenda m'malire enieni a maiko awiriwa, lidali limodzi mwa maboma amene adalandira ochuluka. Anthu a ku Ntcheu adachita zaumunthu powalandira abale awowo. Koma aliyense ankafuna nkhuni, milimo ndi malo olima, ndipo pofika mu 1992, pamene pangano la mtendere lidasainidwa, mapiri ambiri adali atayera.

Kusintha kwakukulu pa kasulidwe ka aphunzitsi kudadza mu 1994, pamene boma la Bakili Muluzi lidachotsa fizi m'sukulu za pulayimale. Chiwerengero cha ana chidakwera kuchoka pa 1.9 miliyoni kufika cha m'ma 3 miliyoni, ndipo ana ambiri a m'mabanja athu adalowa sukulu nthawi imeneyo. Boma lidalemba aphunzitsi pafupifupi 20,000, ambiri mwa iwo asadapondeko kukoleji. Adangophunzitsidwa kwa sabata zowerengeka n'kupatsidwa choko. Pofuna kukonza zimenezi, mu 1997 kudayamba pulogalamu ya MIITEP. Mphunzitsi ankakhala miyezi 3 kukoleji, kenaka n'kubwerera kusukulu yake kwa miyezi pafupifupi 20, akuwerenga mabuku odziphunzitsa yekha ndi kusonkhana ndi anzake a m'dera, asadabwererenso kukoleji kukalemba mayeso. Nthawi yomweyo, mothandizidwa ndi boma la Britain, dziko lidagawidwa m'mazoni ndipo kudakonzedwa malo 315 otchedwa Teacher Development Centre, amene tonse timangowatcha TDC. Zoni iliyonse idapatsidwa mlangizi wa maphunziro, PEA, woyendera sukulu ndi kuchititsa maphunziro. Ganizo la ku Domasi la mu 1929 lija lidabwereranso, tsopano litafika pafupi ndi mudzi uliwonse, ku Ntcheu ngakhalenso ku Mangochi, Salima ndi Nkhotakota.

M'maTDC ndi m'makoleji ndi mmene mudafalikira njira yotchedwa TALULAR, kutanthauza kuphunzitsa ndi kuphunzira pogwiritsa ntchito zinthu zopezeka pamalopo. Njira imeneyi ndi yoyenera kuidziwa bwino, chifukwa imayankha dandaulo lakale lakuti sayansi singaphunzitsidwe popanda labotale. Mphunzitsi angadule mabotolo awiri apulasitiki, lina n'kuikamo dothi lopanda kanthu, linalo dothi lokhala ndi udzu wake, n'kuwapendeketsa mofanana. Ana akathira madzi ofanana, amaona okha kuti m'botolo loyamba mukutuluka madzi ofiira ndipo m'lachiwirilo mukutuluka oyererapo ndi ochepa. Botolo lina lingasanduke choyezera mvula. Madzi a mandimu ndi chidulo cha phulusa, zimene zili m'khitchini ya mayi aliyense, zikwanira kuphunzitsira kusiyana kwa asidi ndi alikali. Mwana amene waona madzi ofiira aja ndi maso ake safuna kapitawo womuopseza kuti alime mopingasa. Zimene malimidwe adalephera ndi ndende, botolo lotayidwa lingathe kuzichita m'mphindi 30, malinga ngati mphunzitsiyo adaonetsedwa kachitidwe kake.

Ku sekondale vuto lidali lina. Kumapeto a zaka za m'ma 1990 sukulu zophunzirira pakalata za MCDE zidasandutsidwa sekondale zoyendera za m'madera, zija timazitcha CDSS. Ambiri mwa aphunzitsi ake adali ophunzitsidwa za pulayimale, koma adapatsidwa kuti aphunzitse Biology, Physical Science ndi masamu a Fomu 4. Domasi College of Education, imene idatsegulidwa mu 1993, idatsegula mwayi wakuti aphunzitsi oterewa apeze dipuloma akuphunzira ali kuntchito. Kenaka mu 2004 kudayamba pulogalamu ya SMASSE, yolimbikitsa masamu ndi sayansi m'sekondale, mothandizidwa ndi bungwe la ku Japan la JICA ndi potengera zimene zidayamba ku Kenya mu 1998. Gawo loyamba lidachitikira m'chigawo cha maphunziro cha kummwera chakummawa, mmene muli Mangochi, Machinga, Balaka ndi Zomba, kotero aphunzitsi a ana athu adali m'gulu la oyamba kupindula. Kuyambira mu 2008 pulogalamuyi idafalikira dziko lonse, ndipo ndi pamene aphunzitsi a ku Ntcheu adalowa nawo. Aphunzitsi amasonkhana nthawi ya holide, amakonza phunziro limodzi, mmodzi amaliphunzitsa anzake akuonerera, kenaka onse amakambirana pamene pakufunika kukonza. Cholinga chake ndi chakuti mwana azigwira, aziyesa ndi kufunsa, m'malo mongokopera zolembedwa pabolodi.

Tinganene kuti nyumba zilipo ndipo njira zikudziwika. Zimene zimasowa kawirikawiri ndi zazing'ono: ndalama ya ulendo wopita ku TDC, chakudya cha tsikulo, pepala lolembapo, ndi nthawi kwa mphunzitsi amene ali ndi kalasi yodzaza mpaka pakhomo. Maphunziro ambiri amayenda bwino pamene wothandiza wakunja alipo, ndipo akachoka amazilala. Pamene izi zikuchitika, chilengedwe sichidikira. Mu 2018 damu la Mpira, limene lili m'nkhalango ya Mvai ndipo limapereka madzi ku Ntcheu ndi ku Balaka, lidaphwa, mipopi n'kuuma kwa miyezi. Kuchepa kwa mvula kudathandizira, koma kutha kwa mitengo m'dera lozungulira damulo kudatchulidwanso ngati chifukwa chachikulu. Ife a kunyanja tili ndi umboni wathu. Ntchila, imene agogo athu ankaidya mosawerengera, idasowa kalekale, ndipo chambo cha m'nyanja ya Malombe chidachepa kwambiri kumayambiriro a zaka za m'ma 1990. Makoka osayenera ali ndi mlandu wake, ndipo matope otsika m'mitsinje ali ndi wakenso.

Dini yathu imatiphunzitsa kuti munthu ndi khalifa padziko, ndipo nthaka, madzi ndi zamoyo ndi amana imene tidzafunsidwa nayo. Madzi omwewo amene timachitira wudhu kasanu patsiku amadalira mtengo umene uli paphiri lakutali. Koma munthu sangasunge bwino chinthu chimene sadziwa kayendedwe kake, ndipo kayendedwe ka madzi ndi nthaka ana athu amakaphunzira kwa mphunzitsi wa sayansi. Zaka 100 zapitazo tidali ndi chifukwa choopera sukulu. Lero tili ndi sukulu zathu, ndipo ku Mangochi kuli Maryam Girls Teacher Training College kumene atsikana athu amaphunzira uphunzitsi atavala hijabu yawo.

Choncho abale ndi alongo, pali zimene tingachite osadikira boma. Amene tili m'makomiti a sukulu tifunse kuti aphunzitsi a sayansi adapita liti komaliza ku TDC, ndipo ngati chikuwalepheretsa ndi ulendo, komiti iganizirepo. Mwana akapempha mabotolo, mawaya kapena phulusa kuti apite nazo kusukulu, tisamukalipire kuti akutolera zinyalala. Amene Allah adawapatsa chuma akumbukire kuti kulipirira mnyamata kapena mtsikana kuti akaphunzire uphunzitsi wa sayansi ndi sadaka imene phindu lake limapitirira kwa ana mazanamazana. Makomiti a mizikiti angaitane mphunzitsi wa kalabu ya zachilengedwe kuti adzathandize ana a kumadrasa kufesa mbande za mitengo pabwalo la mzikiti. Ndipo ife amene timapita ku Lizulu ndi ku Tsangano sabata ndi sabata, tili ndi mwayi wolumikiza sukulu ya kwathu ndi sukulu ya kumapiri, kuti ana a ku Ntcheu adzaone kumene Livulezi amathera, ndipo athu akaone kumene amayambira. Tipemphe Allah awonjezere nzeru kwa aphunzitsi athu, ndipo atipatse mtima wowathandiza. Ameen.