Nthondo, Mwana Wobadwira Papepala

Mu 1933 makina osindikizira a mishoni ya ku Nkhoma anatulutsa buku lotchedwa Nthondo. Wolemba wake anali Samuel Josia Ntara, mphunzitsi wa m'sukulu za mishoni ya Dutch Reformed, yemwe anabadwa mu 1905, ndiye kuti anali asanafike n'komwe zaka 30. Analilembera mpikisano wa bungwe la ku London la International Institute of African Languages and Cultures, lomwe linkafuna mabuku a m'zilankhulo za kuno ku Africa, ndipo anapambana. Bukulo limayenda ngati mbiri ya munthu weniweni, kuyambira kubadwa mpaka kumanda. Koma Nthondoyo sanapondepo nthaka. Ntara anachita kumuumba.

Kupeka anthu sikunayambe ndi iye ayi. Agogo athu ankapeka usiku uliwonse pamoto, ife n'kumavomera kuti tilitonse. Koma nthano ili ndi malire ake. Fisi ndi wadyera basi, ndipo palibe mwana amafunsa kuti dyeralo analitenga kuti, kapena ngati amagona tulo akaba mbuzi. Kalulu amabadwa wochenjera n'kufa wochenjera. Ntara anatenga mnyamata wa m'mudzi, wosamva, wa dzanja lalitali, n'kuyenda naye zaka zonse: kuvutitsa anthu kwawo, kupita kutali kukasaka ntchito, kubwerako, kulowa ufumu, kenako Chikhristu. Kuti mphunzitsi wa mishoni alembe zimenezi, anayenera kuvula jekete n'kukhala kaye mumtima mwa wakuba, kumva njala yake ndi manyazi ake. Pa guwa wakuba amangotchulidwa kuti wochimwa. M'buku lalitali chonchi mawu amodziwo sakwanira, chifukwa mawa lake munthuyo ayenera kudzuka, kudya, kuyankha amayi ake.

Ndinkaziona ndekha pophunzitsa Chichewa ku sekondale. Ukauza ana kuti alembe nkhani yopeka, pafupifupi onse amabweretsa mayi wopeza wankhanza kapena malume chidakwa, woipa kuyambira mzere woyamba mpaka womaliza. Ndinkawabwezera makope ndi funso limodzi: munthuyu anadya chiyani m'mawa, ndipo anaphika ndani? Mtsikana wina anabwerera ndi malume yemweyo, koma tsopano akusoka yekha thumba la malaya ake pakhonde, ulusi uli pakamwa, chifukwa mkazi anamuthawa kalekale. Kachasu anali akumwabe. Koma mwanayo anali atayamba kumuyang'ana.

Mu 1934 T. Cullen Young, amene anakhalapo mmishonale ku Livingstonia, anamasulira Nthondo m'Chingerezi n'kulitcha Man of Africa, ndipo mawu oyamba analemba ndi wasayansi Julian Huxley. Mutu umenewo sundisangalatsa. Ntara analemba za munthu mmodzi wa dzina lake ndi zofooka zake, koma munthuyo atafika ku London anasanduka chitsanzo cha Afirika yense, ngati mmene wogula amatapira chimanga chodzaza dzanja kuti aweruze thumba lonse.

Ndili ndi dandaulo linanso, ndipo ili n'la kwa Ntara mwini. Nthondo akatembenuka mtima, nkhani imayamba kuyenda mwaulemu kwambiri. Sindikudabwa: makina anali a mishoni, malipiro a wolemba ankachokera komweko. Komabe Nthondo amene amakhala m'mutu mwa wowerenga ndi wovuta uja, osati wofatsa wa kumapeto.

Atamaliza ndi munthu wopeka, Ntara anatembenukira kwa anthu enieni. Analemba Mbiri ya Achewa, ndiponso moyo wa Msyamboza, mfumu ya ku Chibanzi m'boma la Dowa, buku lomwe Young anamasuliranso mu 1949 n'kulitcha Headman's Enterprise. Ine ndimakhulupirira kuti luso lomvetsa mfumu yeniyeniyo analiphunzirira pa Nthondo. Wolemba mbiri amapatsidwa zochita za munthu zokha, monga kuti anasamuka, anakana, analola. Chifukwa cha zochitazo sachipeza m'kaundula, amachita kuchifunafuna podziyika m'malo mwa mwini wakeyo, ndipo ntchito imeneyo Ntara anali ataizolowera kale.

Njira anailambulayo anadzadutsamo ena. John Gwengwe anatipatsa Sikusinja ndi Gwenembe, Willie Zingani analemba Njala Bwana, Jolly Max Ntaba analemba Mtima Sukhuta, ndipo ambiri a ife tinakumana ndi mabuku otere m'kalasi, atang'ambika chikuto, anthu atatu pa buku limodzi.