M'mene Asing'anga Anapezera Gwero la Chizungulire

Alipo anthu amene akatembenuka pamphasa usiku, kapena akaweramuka, amaona ngati nyumba yonse ilikuzungulira. Ena amasanza, ena amagwa nathyoka fupa. Nthenda imeneyi ndiyo chizungulire. Tiyeni tione m'mene asing'anga anapezera gwero lake.

Kale asing'anga a ku Ulaya anali kuyesa kuti chizungulire chimadza chifukwa cha kuchuluka kwa magazi mu ubongo. Chotero anali kutema mitsempha ya wodwala kuti magazi atuluke, ndipo munthuyo anali kungofooka, osachira ai.

M'chaka cha 1861 Prosper Ménière, sing'anga wa pasukulu ya ogontha mumzinda wa Paris, anauza anzake kuti nthendayi ikhoza kuchokera m'khutu. Ambiri sanamkhulupirire, ndipo iye anamwalira chaka chotsatira. Komatu ananena zoona. M'katikati mwa khutu muli tinjira titatu tokhota ngati uta, todzala ndi madzi. Mutu ukatembenuka madziwo amayenda, nauza ubongo kumene mutuwo waloza.

Pambuyo pake Robert Bárány wa ku Vienna anaona kuti akatsuka khutu la munthu ndi madzi ozizira, munthuyo amachita chizungulire. Potero anapeza njira yoyesera makutu, nalandira mphotho ya Nobel ya 1914. M'chaka cha 1952 Margaret Dix ndi Charles Hallpike a ku London anasonyeza kagonekedwe ka wodwala kodziwira khutu lolakwa.

Kuchiza kwake kunadza ndi John Epley wa ku Portland, m'dziko la America. Iye anazindikira kuti mwa odwala ambiri timiyala tochepetsetsa, tokhala m'kathumba ka m'khutu, timathothoka ndi kugwera m'kanjira kamodzi, ndipo timavundula madzi aja. Tsono anali kugoneka wodwala chagada, natembenuza mutu wake pang'onopang'ono, kufikira timiyalato titabwerera kwao. Anafotokoza njirayi mu 1980, koma anzake anaikana. Inasindikizidwa mu 1992. Lero anthu ambiri amachira nayo m'mphindi zowerengeka, popanda mpeni kapena mankhwala.

Kuyambira Ménière kufikira pamenepo zinapita zaka 131. Akulu amati kuona maso a nkhono n'kudekha. Koma tikumbukire kuti chizungulire china chimadza ndi malungo kapena kuchepa kwa magazi, ndipo chimenecho sichitha ndi kutembenuza mutu. Chifukwa chake wodwala apite kuchipatala, kuti sing'anga ayambe wapeza gwero, ndipo pamenepo achize.