Zaka pafupifupi 60 akatswiri akupima mtsinje wathu wa Kafue

Ife a mu Kafue mtsinje timauona tsiku lililonse, mwina ndico cifukwa cake sitiuganizira kwenikweni. Timauwoloka pa basi popita ku Mazabuka kapena ku Chirundu, timagula nsomba zocokera ku Chanyanya, ndipo anzathu a ku Lusaka amamwa madzi ake kudzera pa Iolanda. Tauni yathu inakulira pa mtsinjewu kucokera pamene ulalo wa njanji unatha kumangidwa mu 1906. Koma ndi ocepa mwa ife amene adziwa kuti akatswiri a sayansi akhala akuupima kwa zaka pafupifupi 60, ndi kuti zimene apeza zikhudza ndiwo zathu, malaiti athu ndi madzi a m'mpopi.

Kumtunda kwa tauni yathu kuli cidambo cacikulu ca Kafue Flats, cotalika makilomita pafupifupi 240 kucokera ku Itezhi-Tezhi. Malowa ndi athyathyathya kwambiri, moti madzi amatenga masabata angapo kuti adutsemo. Kale mvula ikagwa ku Copperbelt, madzi anali kusefukira pang'onopang'ono n'kudzaza dambo lonse, kenaka n'kuphwa m'cilimwe. Nsomba zinali kuswana m'udzu womira. Madzi akabwerera, Aila ndi Atonga anali kutsitsira ng'ombe zao ku msipu watsopano. Ciliconse ca kumeneko cinali kutsatira nthawi ya madzi.

Ndale ndizo zinasintha nthawiyo. Mu November 1965 boma la Ian Smith ku Rhodesia linadzipatula ku Britain, ndipo makina opangira malaiti a ku Kariba anali tsidya lao. Zambia, imene migodi yake inali kudalira malaiti amenewo, inafunika gwero lakelake. Damu ya Kafue Gorge, kumunsi kwa tauni yathu, inayamba kugwira nchito kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970. Popeza dambolo silisunga bwino madzi, anamanganso damu ya Itezhi-Tezhi kumtunda pakati pa 1974 ndi 1977. Kuyambira pamenepo Kafue Flats inakhala pakati pa madamu awiri. Ndi nyengo yomweyo imene mafakitale a Nitrogen Chemicals ndi Kafue Textiles anabweretsa makolo athu ambiri kuno kudzafuna nchito.

Mwamwayi, akatswiri anafika madamu asanatseke mtsinje. Yunivesite ya Zambia, ikali yatsopano, inakhazikitsa komiti yofufuza za cigwa ca Kafue kumapeto kwa zaka za m'ma 1960. Mu 1971 magulu ocokera ku University of Michigan ndi University of Idaho, pogwira nchito ndi bungwe la FAO, anatulutsa malipoti a nsomba za m'damboli. Manambala amenewo ndi cuma lero, cifukwa ndiwo amatiuza mmene mtsinje unalili tisanaugwire.

Nyama imene inakopa ofufuza kwambiri ndi lechwe ya ku Kafue, mtundu wa mphoyo ya m'madzi umene kwao ndi m'dambo lino lokha. Richard Schuster analemba mu magazini ya Science mu 1976 mmene zimakweranirana: zamphongo zimasonkhana pabwalo limodzi, iliyonse ndi kamalo kake, ndipo zazikazi zimabwera kudzasankha. Mabwalowa amadalira malo ouma m'mphepete mwa madzi pa nthawi yake. Mu 1980 analembanso mu Oryx, akufunsa poyera ngati lechwe zidzapulumuka madamu a pa Kafue. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970 zinalipo zoposa 90,000. Powerenga ndi ndeke mu 2015 anapeza zosakwana 30,000. Madamu si okhawo olakwa: kupha nyama mozemba, matenda ndi kulimbirana msipu ndi ng'ombe zinathandizira. Koma funso la Schuster silinafunsidwe pacabe.

Omanga madamu anali atasiya kampata. Lamulo loyendetsera Itezhi-Tezhi linati m'mwezi wa March azitsegula madzi okwana makyubiki mita 300 pa sekondi kwa masabata anayi, kuti dambo lilaweko cigumula. Mu 2005 Musonda Mumba, mwana wa Zambia, ndi J. R. Thompson anasindikiza kafukufuku woonetsa zimene zinacitikadi. Cigumula ca dzinja cinacepa, madzi a cilimwe anaculuka, ndipo mbali zina za kumunsi zimene kale zinali kuuma caka ndi caka zinasanduka nyanja zosaphwa. M'malo osokonezekawo munalowa citsamba caminga ca Mimosa pigra, cocokera ku America, cimene cinalanda msipu ku Lochinvar. Mayi Mumba mu 2022 anasankhidwa kukhala mlembi wamkulu wa pangano la Ramsar, loyang'anira madambo a dziko lonse lapansi. Mbali ya ulendo wao inayambira m'matope a kuno kwathu.

Tisanapitirire, tinene cimene cimasiyanitsa mapepala awa ndi mphekesera za pa WhatsApp. Wofufuza akamaliza nchito, magazini imatumiza pepala lake kwa akatswiri ena a phunziro lomwelo. Iwo amafufuza mmene anapimira, amatsutsa pofooka, ndipo nthawi zina amalikana. Sikuti lotuluka likhala lopanda colakwa, koma limaonetsa njira yake kuti wina akathe kubwerezanso n'kuona ngati ndi zoona.

Kafukufuku wa zaka zaposacedwa walowa m'madzi mwenimweni. Gulu la ETH Zurich ya ku Switzerland, pamodzi ndi a UNZA, linaonetsa mu 2011 kuti Itezhi-Tezhi imagwira matope ndi gawo la cakudya ca zomera cimene kale cinali kutsikira m'dambo. Mu 2012 gulu lomwelo linapeza kuti m'nyengo ya cigumula madzi ambiri a mtsinje amatuluka n'kuyenda m'udzu, kumene zomera zowola zimadya mpweya wa oxygen, kotero pobwerera mumtsinje amakhala ndi mpweya wocepa kwambiri pa mtunda wautali. Mtsinje ndi dambo ndi thupi limodzi; ukagwira cimodzi wagwira cinzake.

Nanga nsomba ya pa mbale yathu? Tilapia ya ku Nile inathawa m'maiwe owetera nsomba n'kulowa mu Kafue kumapeto kwa zaka za m'ma 1980. Mu 2014 Andrew Deines ndi anzake anapima majini a nsomba ndi kupeza kuti mlendoyu akukwerana ndi mitundu iwiri ya bream yathu, ya madontho atatu ndi ya mutu wobiriwira. Ndiye kuti bream ina imene timagula ndi yosakanizika, ndipo mbeu yeniyeni ya ku Kafue ikhoza kusungunuka osaphedwa ndi munthu. Mlendo wina ndi crayfish ya zala zofiira ya ku Australia, imene inafalikira kucokera kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000. Asodzi amaidziwa bwino: imadya nsomba zokodwa mu ukonde usiku, m'mawa n'kupeza mitu ndi minga.

Phunziro limene latikhudza kwambiri ndi la Kafue weed, udzu woyandama wa maluwa okongola wocokera ku South America. M'zaka za m'ma 1990 unatseka mtsinje pa maulalo athu, kuvutitsa asodzi ndi kuopseza makina a ku Gorge. Tinazolowera kuuona ngati mdani wocokera kunja. Koma mu 2020 Scott Winton ndi anzake, kuphatikizapo Profesa Imasiku Nyambe wa ku UNZA, analemba mu Scientific Reports kuti udzuwu umayamwa nitrogen ndi phosphorous za m'madzi oipa, moti kuukolola mwadongosolo kungathandize kuyeretsa mtsinje. Caka cotsatira Fritz Kleinschroth ndi gulu lake, atayang'ana zithunzi za setilaiti za zaka zambiri, analemba mu Ambio kuti udzu woyandama umaculuka pamodzi ndi kukula kwa matauni ndi zonyansa zake. Udzuwo ndi cizindikiro cabe. Cimene cimaunenepetsa ndi feteleza wokokoloka m'minda, zotayidwa za mafakitale, ndi zimbudzi zathu za ku Shikoswe, Zambia Compound ndi Estates. Poloza cala kumtsinje, zala zitatu zaloza ife.

Zaka ziwiri zotsatizana zatikumbutsa kuti nkhanizi si za m'mabuku. Cilala ca 2024 cinaphwetsa madamu, ndipo tinakhala maola ambiri tsiku lililonse opanda malaiti, ometa tsitsi ndi owocherera zitsulo atapinda manja. Pa 18 February 2025 damu ya zinyalala za mgodi inagumuka ku Chambishi n'kuthira malita osacepera 50 miliyoni a madzi a asidi mu Mwambashi, umene umathira mu Kafue. Nsomba zinafa ndipo Kitwe inatsekeredwa madzi. Kuno kumunsi funso la aliyense linali limodzi: kodi nsomba tidye? Yankho la funso lotere limafuna kuyerekeza ndi kale, ndipo kale limenelo lilipo cifukwa ofufuza a UNZA ndi Hokkaido University ya ku Japan, ndi ena asanabwere iwo, anali atapima kale mkuwa ndi zitsulo zina m'matope ndi m'nsomba za mtsinjewu.

Vuto ndi lakuti zonsezi zinalembedwa m'Cingerezi covuta, m'magazini amene msodzi wa ku Chanyanya sadzawaona, ngakhale kuti mwina ndiye anapalasa bwato la ofufuzawo. Pa wailesi timalandira mafoni a anthu ofunsa cifukwa cimene nsomba zacepera ndi cifukwa cimene boma limaletsa kusodza kuyambira 1 December mpaka kumapeto kwa February. Mbali ya mayankho inapezeka kale. Ife amene tinaphunzirako, ndi ana a sukulu ya za nsomba ku Kasaka, tili ndi mafoni okhoza kutsegula mapepala a Scientific Reports kwaulere. Tikawerenga limodzi, tikalifotokozere ambuya ndi amalume m'cinenero ca kunyumba, ndipo pa msonkhano wa khonsolo wokamba za masuweji tikafunse kuti madzi oipa a m'komboni mwathu amathera kuti.