Maselo ogona m'bere: zaka 60 za kafukufuku

Mayi wa ku Nambuma akaletsa mwana kuyamwa, mkaka umauma ndipo bere limafota. Pakapita zaka ziwiri kapena zitatu, mayiyo akaimanso, bere lomwe lija limadzaza ngati silinayamwitsepo. Akuluakulu amasimbanso za agogo amene ankapatsa bere mdzukulu wamasiye mpaka mkaka kuyamba kutuluka, ndipo mu 1998 bungwe la WHO lidatulutsa lipoti lotsimikiza kuti mkaka umatha kubwerera mwana akamayamwa pafupipafupi. Zonsezi amayi ankazidziwa kalekale. Chimene chidavuta asayansi ndi gwero lake: mwana akaleka kuyamwa, maselo ambiri opanga mkaka amafa, nanga atsopanowo amachokera kuti?

Yankho lidayamba kuoneka pa mbewa. Mu 1959, Kenneth DeOme ndi anzake ku Berkeley, m'dziko la America, adachotsa timitsempha ta mkaka m'bere la kambewa ka milungu itatu, n'kusiyamo mafuta okhaokha. M'mafutamo adaikamo kachidutswa ka bere la mbewa ina. Patapita milungu ingapo, kachidutswako kadaphuka nthambi za timitsempha mpaka kudzaza malo onse. Mu 1968, Charles Daniel adasamutsa zidutswa zotere kuchoka pa mbewa ina kupita pa inzake mobwerezabwereza, ndipo adaona kuti mphamvu yophukayo imachepa pang'onopang'ono mpaka kutha. Apa zidadziwika kuti m'bere muli maselo obala maselo anzawo, amene asayansi amawatchula kuti ma stem cell, komanso kuti nawo amakalamba.

Kuwapatula pakati pa maselo mamiliyoni kudatenga nthawi yaitali. Mu 2006, gulu la Jane Visvader ndi Geoffrey Lindeman ku Walter and Eliza Hall Institute ku Melbourne, komanso la Connie Eaves ku Vancouver, adasonyeza kuti selo limodzi lokha likhoza kumanga njira zonse za mkaka m'bere la mbewa. Mbewayo itatenga mimba, ziwalo zatsopanozo zidapanga mkaka. Nkhaniyi idadzetsa mtsutso. Mu 2011, gulu la Cédric Blanpain ku Brussels lidapeza kuti m'thupi losasokonezedwa ndi mpeni muli magulu osiyana a maselo, lililonse losamala mbali yake ya bere, ndipo akatswiri akukambiranabe za mfundo imeneyi.

Za maselo ogona zidamveka bwino mu 2017. Gulu la ku Melbourne lija lidapeza kagulu ka maselo kokhala chakufupi ndi nsonga ya bere, komwe sikagawikana kwa nthawi yaitali, koma mahomoni a pathupi akachuluka kamadzuka n'kuyamba ntchito. Chaka chomwecho, ofufuza a ku Stanford adalongosola kuti jini yotchedwa Bcl11b imathandiza maselo ena otere kukhalabe m'tulo. Tulo timeneti tili ndi ntchito. Selo likamagawikana kawirikawiri limatopa ndipo limalakwitsa pokopera malangizo ake, choncho thupi limasunga ena padera monga mlimi amapachikira chimanga cha mbewu padenga la khitchini, osachikhudza ngakhale njala italuma, kudikira mvula.

Alimi a ng'ombe za mkaka ku Namitete ndi madera ozungulira amatsata nzeru yofanana. Alangizi amawauza kuti aleke kukama ng'ombe pafupifupi masiku 60 isanabereke. Nthawi imeneyi bere limachotsa maselo otopa n'kuika atsopano. Wokama mpaka tsiku lomaliza chifukwa cha ndalama ya lero amadzapeza mkaka wochepa ng'ombe ikabereka.

Mbali yowawa ya mbiriyi ndi khansa. Selo lokhala m'thupi zaka zambiri limakhala ndi nthawi yokwanira yoti liwonongeke, n'chifukwa chake ofufuza amaganiza kuti khansa zina za m'mawere zimayambira m'maselo okhalitsawa kapena m'maselo obadwa mwa iwo. Mankhwala ambiri a khansa amapha maselo amene akugawikana, ndiye ogona akhoza kupulumuka. Zambiri mwa izi zaonedwa pa mbewa, koma pali umboni wochokera kwa anthu umene ukutikhudza. Mu 2002, magazini ya The Lancet idasindikiza lipoti lophatikiza kafukufuku 47 wa m'mayiko 30, lomwe lidapeza kuti miyezi 12 iliyonse ya kuyamwitsa imachepetsa chiopsezo cha khansa ya m'mawere ndi 4.3 peresenti. Mwambo wathu woyamwitsa mwana mpaka zaka ziwiri ndi wofunika kuusunga.

Komabe kuyamwitsa sikuthetseratu chiopsezocho, ndipo ine chimandiwawa n'chakuti amayi ambiri amafika ku Kamuzu Central Hospital matenda atafala kale. Chotupa amachiyesa mkaka woundana, amachithowa ndi madzi ofunda, miyezi n'kumapita. Mayi, mukamva chotupa cholimba chosachoka, kapena mukaona nsonga ya bere italowa m'kati kapena ikutulutsa magazi, kaonetseni kuchipatala cha Nambuma kapena china chapafupi sabata lomwelo. Inunso abambo, aperekezeni.